Bilu ya magetsi ndi masamu a magawomagawo

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti munthu akadutsa malire a mayunitsi otchipa, mayunitsi onse a mwezi umenewo amawalipira pa mtengo wokwera. Nditakhala pansi ndi pensulo, ndinaona kuti dongosolo lofala la mitengo yamagawo silitero ayi. Tiyerekeze kuti mayunitsi 50 oyambirira ali pa mtengo a, ndipo otsatira ali pa mtengo wokwererapo b. Ngati x, nambala ya mayunitsi amene munthu wagwiritsa ntchito pa mwezi, sinapitirire 50, bilu ndi ax (a kuchulukitsa ndi x). Ikapitirira, bilu ndi 50a + b(x − 50), ndipo imeneyi ndiyo piecewise function, masamu amene gawo lililonse limakhala ndi kawerengedwe kake. Pa girafu mzere suduka pa 50, umangopindika n'kuyamba kukwera mofulumira. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mtengo wokwera umayambira pa yuniti ya 51, pamene mayunitsi oyamba aja amakhalabe pa mtengo wawo wakale.