Mabilu atatu a Bernie Sanders, ndi mavoti amene chikondi cha omutsatira sichigula

Anthu a chipani cha Democratic ku America akayamba kukangana za Bernie Sanders, nambala imodzi siichedwa kutuluka: atatu. Mkuluyu, seneta wa dera la Vermont amene anapikisana nawo mu 2016 ndi mu 2020 kuti aimire chipanichi pa mpando wa pulezidenti, analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1991, koma pofika chisankho cha 2016, mabilu okhala ndi dzina lake amene anasanduka lamulo anali atatu basi. Awiri mwa iwo anali ongosintha maina a mapositi ofesi a kwawo ku Vermont. Yachitatu, ya 2013, inali yokweza ndalama za asilikali opuma kuti zigwirizane ndi kukwera kwa mitengo. Nambalayi ndi yoona, ndipo omutsatira amataya nthawi akamaikana. Vuto lake ndi lakuti ikuyesa chinthu cholakwika.

Pa zaka ziwiri zilizonse aphungu ndi maseneta amalemba mabilu opitirira 10,000, ndipo odutsa n'kusainidwa ndi mazana ochepa chabe. Bilu yaikulu nthawi zambiri imatenga dzina la wapampando wa komiti kapena la phungu wa chipani chimene chili ndi mipando yambiri. Ena onse amalowetsamo ndime zawo, ndipo maina awo saoneka pachikuto. Sanders ndi woima payekha, amangokhala mbali ya Democratic, ndiponso zaka zambiri zimene anali m'nyumba yaing'ono ya aphungu asanapite ku Senate, nyumba ya maseneta, kuyambira 1995 mpaka 2007, a Republican ndiwo ankalamula. Munthu wotere njira imene inamutsalira inali yolowetsa ndime m'mabilu a ena, makamaka a bajeti. Pa zaka zimenezo anadutsitsa ndime 17 pa voti yoitana maina, kuposa phungu wina aliyense, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina loti "amendment king", kutanthauza mfumu yolowetsa ndime m'mabilu. Ankasankha nkhani yopapatiza, n'kupeza wa Republican amene amadana ndi chinthu chomwecho pa zifukwa zake, n'kuphatikiza mavoti a mbali ziwirizo.

Chitsanzo chooneka bwino ndi cha 2014. Kunaululika kuti ku chipatala cha asilikali opuma ku Phoenix anthu ankadikira miyezi kuti aonane ndi dokotala, akuluakulu akubisa kaundula weniweni wa odikira. Sanders anali wapampando wa komiti ya Senate yoona za asilikali opuma. Iye ankafuna ndalama zolembera madokotala ndi manesi ambiri m'zipatala za boma. Seneta John McCain ndi a Republican anzake ankafuna kuti msilikali amene wadikira masiku opitirira 30, kapena amene amakhala mtunda wopitirira mamailosi 40 kuchokera ku chipatala chawo, azipita kwa dokotala wa pulayiveti boma n'kulipira. Anagawana: madola 10 biliyoni ku njira ya McCain, 5 biliyoni ku yolemba anthu ntchito, zonse pamodzi pafupifupi 16 biliyoni. Senate inavomereza ndi mavoti 91 kwa 3, ndipo Barack Obama anasaina mu Ogasiti chaka chomwecho. Mukafufuza mabilu a dzina la Sanders simuipeza imeneyi, chifukwa bilu imene inasainidwa inachokera ku nyumba yaing'ono ndi dzina la phungu wina. Chimodzimodzi madola 11 biliyoni a zipatala za m'madera amene anakankha kuti alowe m'lamulo la zaumoyo la 2010, ndi ndime yolamula kuti ngongole zimene banki yaikulu ya dzikolo inapereka pa mavuto a 2008 zifufuzidwe, imene inadutsa ndi mavoti 96 popanda wotsutsa.

Ndiye wonena kuti sanachitepo kanthu akunama. Koma omutsatira nawonso amalumpha pamene pali nkhani yeniyeni. Zonse tatchulazi ndi zinthu zapakatikati, zopezeka pokambirana ndi kugonjerana. Zimene ankalonjeza pa kampeni, monga inshulansi ya boma ya zaumoyo kwa aliyense, makoleji a boma aulere ndi malipiro otsikitsitsa a madola 15 pa ola, ndi za msinkhu wina, ndipo pa izi kaundula wake ndi wa kugonja.

Masamu a Senate ndi ouma. Maseneta alipo 100, koma chifukwa cha lamulo la filibuster, bilu wamba imafuna mavoti 60 kuti mtsutso utsekedwe. Pali khomo limodzi la mavoti oposa theka chabe, lotchedwa reconciliation, koma limalola zokhudza ndalama zolowa ndi zotuluka m'boma zokha. Mu 2021 Sanders anali wapampando wa komiti ya bajeti, mpando wamphamvu kwambiri umene anali ataugwirapo. Anayesa kulowetsa malipiro a madola 15 m'bilu ya chithandizo cha Covid kudzera pa khomo limeneli. Mlangizi wa malamulo a Senate, Elizabeth MacDonough, anati ndimeyo siikukwana pamenepo. Sanders anaiikabe pa voti, ndipo inagwa ndi mavoti 42 kwa 58. Apa filibuster sitingaiimbe mlandu: maseneta asanu ndi atatu a mbali yake yomwe anavota kukana. Malipiro otsikitsitsa a boma lalikulu anatsala pa madola 7.25, pamene anaima kuyambira 2009. Ndondomeko ya bajeti ya a Democratic ya madola 3.5 thililiyoni ya mu 2021 momwemo inachepetsedwa, kenako Joe Manchin, amene panthawiyo anali seneta wa Democratic wa ku West Virginia, anaikana mu Disembala. Za nkhondo ya ku Yemen zinafika patali ndithu: mu 2019, mothandizana ndi Mike Lee wa Republican ndi Chris Murphy, anadutsitsa chigamulo choti America isiye kuthandiza Saudi Arabia, koma Donald Trump anakana kusaina, ndipo mavoti awiri mwa atatu ofunika kuti amupambane sanapezeke.

Tsono za kukhulupirika kwa omutsatira. Mlandu umene amapatsidwa ndi woti mu 2016 anakwiya munthu wawo atagonja pa chisankho chachipulula, n'kumugwetsa Hillary Clinton. Kafukufuku wamkulu wa ovota wa chaka chimenecho anapeza kuti pafupifupi 12 mwa 100 alionse amene anavotera Sanders pachipulula anakavotera Trump. Popeza Trump anatenga Michigan, Wisconsin ndi Pennsylvania ndi mavoti osakwana 80,000 onse pamodzi, n'zoona kuti anthu amenewa akanatha kusintha zotsatira. Koma pa kusiyana kochepa chonchi aliyense akanatha kusintha zotsatira, kuphatikizapo amene anangokhala kunyumba. Ndipo mu 2008 otsatira a Clinton amene anathawira kwa McCain, yemwe ankaimira Republican chaka chimenecho, sanali ochepa kuposa amenewa. Ambiri mwa othawa a mu 2016 aja sanali a Democratic chiyambire. Anabwera chifukwa cha Sanders ndipo anachoka naye. Mwini wakeyo anavomereza Clinton mu Julayi 2016, ndi Joe Biden mu Epulo 2020, patangopita masiku ochepa atasiya mpikisano.

Ine funso limene ndimaona kuti ndi lolemera si la kuthawa ayi, koma la zimene kukhulupirikako kumabala. Kumabala ndalama: kampeni ya 2016 inkadzitama ndi zopereka zapakati pa madola 27, zochokera kwa anthu wamba mamiliyoni. Kumabala phokoso limene makampani amaliopa: mu Seputembala 2018 analemba bilu yolimbana ndi Amazon imene sinapite kulikonse, koma mwezi wotsatira kampaniyo inalengeza malipiro a madola 15. Kumasuntha chipani: bilu yake ya inshulansi ya aliyense inalibe seneta womuthandiza ndi mmodzi yemwe mu 2013, koma mu 2017 inali ndi 16.

Chimene sikunabale ndi voti ya Manchin. Sanders ankati akadzalowa m'boma adzapita ndi khamu la anthu kwawo kwa maseneta okana mpaka agonje. Seneta amaopa anthu amene angamuchotse pampando, ndipo West Virginia ndi dera limene Trump anapambana ndi mavoti oposa awiri mwa atatu alionse mu 2016 ndi mu 2020. Ngakhale mkati mwa chipani gululo linali lolimba koma losakula. Mu 2016 anapeza pafupifupi mavoti 43 mwa 100. Mu 2020 ankatsogola pamene opikisana naye anali ambiri n'kumagawana mavoti, koma Biden atapambana ku South Carolina pa 29 Febuluwale, Pete Buttigieg ndi Amy Klobuchar anasiya n'kumuthandiza, ndipo pa 3 Malichi Biden anatenga madera 10 mwa 14.