Ndafika kunyumba, zikomo alamu anga

Ndafika kwathu ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, dzulo madzulo. Ndikulemba izi nditagona chammbali, pilo ali pakati pa mawondo monga anandilangizira kuchipatala. Thupi lonse ndi lotopa koma sindikanatha kugona ndisanathokoze.

Nonse mukudziwa mmene ndakhalira chaka ndi miyezi inayi chichitireni opaleshoni yoyamba ija, pomwe analumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana, L5 ndi S1, ndi masikuluwu anayi ndi tizitsulo tiwiri. Ndinkayesa ndawoloka. Miyezi itatu yoyamba zinalidi bwino. Kenako ululu unabwerera, kuchokera m'chiuno kutsika ndi mwendo wamanzere mpaka kuphazi, ngati wina wandilowetsa waya wamoto. Ndinabwerera katatu komwe anandichita opaleshoni, kudutsa kutentha konse kwa ku Tete pa chapa (minibasi), ndipo katatu konse yankho linali limodzi: X-ray ili bwino, pirirani, imwani mankhwala. Ulendo wachitatu ndinalira pa mlatho wa Samora Machel, osati chifukwa cha msana, koma chifukwa ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndikungodzinamiza.

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, inu simunavomereze zimenezo. Munandipeza ndikukwawa kupita kubafa, munakhala pansi pa simenti n'kunena kuti, "Mlamu, munthu sakwawa chifukwa cha maganizo. Tikafunse kwina." Ine ndinkaopa kuti kupita kwa dotolo wina ndi mwano kwa amene anandithandiza poyamba. Inu munati thupi ndi langa, ndipo kufunsa sikuba.

Munagulitsa nkhumba zanu ziwiri ndi matumba a mbatatesi omwe munkasungira mbewu. Mbewu, alamu! Ndikaganiza zimenezi mpaka pano mtima umandiwawa. Tinadutsa pa chipata cha malire cha Calomue kulowa m'Malawi mvula ikugwa, inu mutakulunga envulopu ija ya zithunzi ndi mapepala m'pulasitiki, kenako m'chitenje, n'kuibereka kumsana ngati khanda. Ndinu munakangana ndi osintha ndalama kuti asatidyere pa meticais athu, ndinu munapempha kondakitala wa ku Dedza kuti andipatse mpando wakutsogolo.

Ku Lilongwe adokotala anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandigwira phazi, anandiuza ndiyende ndi zidendene kenako ndi zala, anafunsa ngati ndimasuta kapena kufwenkha fodya, ngati ndili ndi shuga, poti zimenezi zimalepheretsa fupa kugwirana. Kenako anati tijambule CT, chifukwa X-ray wamba saonetsa bwino ngati fupa lamera. Zitatuluka anatembenuza kompyuta n'kundilozera ndi cholembera. Mafupa aja sanagwirane. Sikuluwu imodzi inali itakhwefuka, kuzungulira kwake kukuoneka kamzere kakuda. Anafotokoza kuti zitsulo zimangogwirizira kwa kanthawi podikira kuti fupa limere n'kumata, ndipo likakana kumera zitsulozo zimayamba kugwedera. Anatinso zimachitika ngakhale opaleshoni itayenda bwino, choncho sindikusunga munthu kukhosi. Chimene chinandipweteka n'kusamvedwa basi.

Alamu, mukukumbuka kuti munayamba kulira ndinu? Munangoti, "Ndimadziwa ine."

Opaleshoni yachiwiri yachitika masabata atatu apitawo. Asintha masikuluwu, awonjezera fupa lochokera m'chiuno mwanga momwemu. Masiku onsewo alamu anga amagona pansi pafupi ndi bedi, pa chitenje chimodzi. Anamwino anawaphunzitsa kunditembenuza ngati chipika, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi kuti msana usapotoke, ndipo amadzuka pakati pa usiku kuchita zimenezo osadandaula. Kundisambitsa, kutaya zonditaya, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani m'mamawa kukuzizira. Zina sindingazilembe pano. Munthu amene si magazi anga.

Zikomo amuna anga posamala ana ndi munda. Zikomo amayi a mphakati wathu chifukwa cha zopereka za pa M-Pesa ndi mapemphero a Lachinayi lililonse. Achibale a ku Dedza amene munatigoneka popita ndi pobwera, Mulungu akudalitseni. Ena amene munkanong'ona kuti ndinalodzedwa, kapena kuti ndikuthawa khasu, koma osaponda pakhomo ngakhale kamodzi, chithunzi cha CT chilipo, bwerani mudzaone.

Sindinachire ayi. Bala likupweteka, ndikuyenda ndi ndodo, lamba wa msana ali m'chiuno. Andiletsa kuwerama, kupotoka ndi kunyamula, ngakhale chidebe cha madzi, ndipo ati fupa lingatenge miyezi 6 mpaka chaka kuti ligwire. Ndibwereranso kukaonedwa. Koma moto uja wa mumwendo wachepa, ndipo usiku wathawu ndagona mpaka tambala woyamba.

Ambuye Yesu, Inu amene munaona misozi yanga pa mlatho paja, kumbukirani alamu anga. Mvula yayandikira ndipo alibe mbewu. Amene ali ndi mbatatesi ya mbewu yotsala ku Tsangano kapena ku Domue, chonde ndiuzeni. Lero m'mawa alamuwo abweranso ndi phala, sanapume n'komwe.