Ntchenzi ndinkaidziwa ngati ndiwo basi

Sabata yatha m'kalasi tinafika pa mutu wa nyama zokukuta ndi mano akutsogolo. Aphunzitsi atapachika chithunzi pa bolodi n'kulemba pansi pake kuti Thryonomys swinderianus, ndinaizindikira nthawi yomweyo. Inali ntchenzi, yomwe ija amalume ankabwera nayo kuchokera kudimba kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe ku Dedza, ataikoleka paphewa, agalu ali wefuwefu pambuyo.

Ndinkadziona ngati ndikuidziwa bwino. Ndinaiwaulapo pamoto ndi manja angawa. Ndikudziwa kuti ubweya wake ndi wolimba, wobaya pang'ono, ndipo khungu lake silichedwa kung'ambika. Ndikudziwanso mmene imadulira nsenjere, bango, nzimbe ndi chimanga chanthete: imadula phesi mopendekera ngati wina wadutsapo ndi mpeni, n'kusiya tizidutswa titaunjikana panjira yake m'udzu. Koma sindinaganizepo zoyang'ana m'kamwa mwake. Mano ake akutsogolo ndi ofiirira, amakula moyo wake wonse, ndipo awiri am'mwambawo ali ndi timizere titatu lililonse. Zinandidabwitsanso kumva kuti pachibale ili pafupi ndi nungu kuposa khoswe wam'nyumba.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi nkhani ya kuswana. Kumudzi tonse timati ntchenzi sizingathe, zimaswana ngati mbewa. Si zoona. Khoswe amatenga bere masabata atatu okha, pomwe ntchenzi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu, n'kubereka ana ochepa, kawirikawiri anayi. Anawo amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsegula, ndipo sachedwa kutsatira mayi wawo. Nditalemba zimenezi m'kope langa ndinakumbukira tsiku lina la mwezi wa Seputembala, pamene anyamata anayatsa dambo lonse kuti atulutse ntchenzi. Imodzi mwa zomwe anapha, atatumbula anapezamo ana atatu. Ife tinangoti yanona. Lero ndikuona kuti popha imodzi ija tinatha zinayi, n'kuwotchanso malo amene zotsalazo zikanabisala.

Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limaika ntchenzi m'gulu la nyama zomwe sizili pachiopsezo chotheratu, chifukwa imapezeka m'mayiko ambiri a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Zimenezo sindikutsutsa. Koma nyamayi imafuna udzu wautali wothithikana pafupi ndi madzi, momwe imabisala masana n'kumatuluka usiku, ndipo ikapanikizidwa imagwera m'madzi n'kusambira. Kwathu madimba a tomato ndi kabichi afika mpaka pagombe penipeni, bango latsala m'timagawo. Dziko lonse likhoza kukhala nazo zambiri, ife pa Linthipe tilibe.

Tinaphunziranso kuti ku Ghana ndi ku Benin anthu amaziweta m'makola ngati akalulu, amazidyetsa nsenjere n'kumagulitsa nyama yake. Yaimuna yaikulu imatha kupitirira makilogalamu 4. Mutu umenewu ndikufuna kuuwerenga mozama teremu ikubwerayi.

Loweruka ndinawaimbira foni amalume n'kuwafotokozera zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mphwanga, za miyezi isanuzo sindinkazidziwa. Koma ikandidulira chimanga usiku umodzi mizere iwiri, ndani andibwezere?" Ndinasowa poyankha, chifukwa chimanga chimenecho n'chomwe chimandilipirira fizi. Sindinawauze kuti asiye kutchera msampha m'munda mwawo. Ndinangowapempha za moto, kuti bango la kumunsi kwa dimba, pomwe mtsinje umakhota, chaka chino lisayatsidwe. Anati ayankhula ndi anyamata aja, ndipo ine ndikapita kutchuthi ndikayendako m'mamawa kukaona ngati tinjira tawo tidakalipo.