Webusaiti yoonetsera ntchito zanu isabise ntchitoyo

Anzanga okonza mawebusaiti, vuto lomwe limabwerabwera pa masamba oonetsera ntchito zanu ndi malemba otuwa pa tsamba loyera. Pa kompyuta m'chipinda amaoneka bwino, koma munthu akatsegula pa foni ali padzuwa sawerenga kanthu. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito mawebusaiti, amati kusiyana kwa kuwala kwa mtundu wa malemba ndi wa kumbuyo kwake kusachepere 4.5:1 pa malemba wamba, 3:1 pa malemba a saizi yaikulu. Mtundu wotuwa wa #999999 pa zoyera sufika ngakhale 3:1. Ikani wotuwa moderapo wa #595959, mufika 7:1.

Malemba a m'ndime asachepere 16px (px ndi mapikiselo, timadontho ta pa sikirini), ndipo mzere usapitirire zilembo 75, chifukwa ukatalika diso limasochera pofuna mzere wotsatira. Mafonti awiri akwana.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi: tsamba loyamba ladzaza ndi dzina lanu likuvinavina, ntchito zili pansi penipeni. Wofuna kukupatsani ntchito wabwera kudzaona zomwe munapanga, ndipo sapukusa tsamba nthawi yaitali. Sankhani ntchito zitatu kapena zinayi zomwe mumanyadira, muziike pamwamba, ndipo pansi pa iliyonse lembani vuto lomwe kasitomala anali nalo ndi momwe munalithetsera. Chithunzi chokha sichinena chomwe inu munachita.

Zithunzizo muzichepetse. Fayilo ya chithunzi ya PNG ya 4MB imachedwetsa tsamba, munthu n'kutseka lisanatseguke. Ikhale 1600px m'lifupi, muisunge mu WebP, mtundu wa fayilo wopepukirapo. Mabatani akhale osachepera 44px kuti chala chisaphonye, ndipo musanatumize linki yesani tsambalo pa sikirini ya foni ya 360px m'lifupi.