Nkhosa zalowa m'munda, khola likuyenda

Chimanga tinamaliza kututa, ndiye Lolemba tinalowetsa nkhosa m'munda. Kuno kwathu, kufupi ndi Chipata, sitithira feteleza wogula kapena mankhwala. Chonde timachipeza kwa nkhosa, ku mtedza wa Chalimbana umene timasinthanitsa ndi chimanga, ndi ku masamba a gliricidia, mtengo umene alangizi a COMACO, bungwe lothandiza alimi, amalimbikitsa m'chigawo chino cha Kum'mawa.

Khola lathu ndi lonyamula. Nkhosa zikagona pamalo amodzi mausiku angapo, timazula n'kukazika patsogolo, ndowe ndi mkodzo n'kutsala pomwepo. Tayambira pamene panamera kaufiti, chifukwa iye amakonda nthaka yoguga.

Lachitatu tinasiyana maganizo ndi atate. Iwo amafuna kuti nkhosa zidye mapesi onse.

"Mwanawe, msipu wayamba kuuma, zina zili ndi bere. Uzimana bwanji?"

"Atate, zikamaliza mapesi, nthaka ipsa ndi dzuwa la October, mvula yoyamba idzakokolola manyowa onsewa."

Nkhawa yawo ndi yoona. Nkhosa imatenga bere miyezi 5, ndipo ikaonda panthawiyi imabereka kamwana kofooka, mkaka osatuluka. Tinagwirizana kuti zidye masamba ndi makoko a chimanga, mapesi tigonetse pansi, ndipo zabere tiziziwonjezera masangwi a mtedza amene tinasunga pathandala. Apa ndiye pagona ulimiwu: chiweto ndi nthaka zimalimbirana chakudya chimodzi, ndipo mlimi ayenera kugawa tsiku ndi tsiku.

Lachinayi anyamata osaka mbewa anayatsa moto m'munda woyandikana nawo. Mbewa ndi ndiwo, sindikana, koma zimandipweteka kuona mapesi a chaka chonse akusanduka phulusa. Tinalambula m'malire monse, madzulo ndinapita kukadandaula kwa amfumu, ndipo analonjeza kuti aitana mudzi.

Lachisanu tinatonola chimanga ndi kuthira m'matumba a PICS. Salowa mpweya, motero anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala, bola chimanga chikhale chouma, cholira "kha" ukachiluma.

Loweruka ndinatengako pang'ono ku msika wa Saturday Market ku Chipata. Wogula sanafunse kuti chinalimidwa bwanji, ndipo mtengo unali umodzimodzi ndi cha feteleza. Phindu lathu pakali pano n'lakuti sitinatenge ngongole, koma alimi otere tiyenera kugulitsira pamodzi kuti tipeze ogula odziwa kusiyana kwake. Nkhaniyi ndikaitula ku kopaletivu Lachiwiri.