Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Shuga wa M'thumba la Jekete

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitalo, makamaka inu amene munandiuza kuti nanunso mukusamalira makolo odwala matenda a shuga. Angapo mwafunsa chimene chinandisintha kuti ndileke kukalipira odwala, poti amene munandidziwa m'zaka zoyamba za unamwino wanga simunaiwale kuti pa benchi ya kiliniki ya shuga ndi BP anthu ankatsitsa mawu ndikangotulukira. Yankho la funso limenelo limadzera mwa Bambo anga, ndipo n'chifukwa chake ndakhala ndikuzengereza kulemba kwa milungu itatu.

Mukukumbukira kuti Mayi atamwalira ndinakawatenga Bambo kumudzi kuti azidzakhala nane kutauni. Pasanathe chaka ndinazindikira kuti akudzuka kangapo usiku kukataya madzi, ludzu silikuwatha, ndipo mathalauza awo onse akuwakulira. Ndinawayeza m'mawa asanadye kanthu, kachipangizo n'kuonetsa 14, pamene munthu akafika pa 7 asanadye timati ali ndi shuga. Adokotala anawalembera mankhwala a shuga otchedwa metformin, ndipo zotsalazo ndinati ndi udindo wanga, popeza m'banja lonse wophunzira za chipatala ndinali ine.

Paketi ya shuga ndinaichotsa kukhitchini n'kukaitsekera mu wadirobu ya kuchipinda kwanga. Pakhoma, moyang'anana ndi mpando wawo, ndinamatapo chipepala cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chimene timagwiritsa ntchito pophunzitsa amayi kusikelo. Ufa woyera ndinauletsa, tonse n'kuyamba kudya mgaiwa. Mchere ndinkauyeza ndi kasupuni ka tiyi, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi. Malinga ndi mabuku, zambiri mwa zimenezi zinali zoyenera. Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi mmene ndinkakhalira patebulo, maso ali m'mbale mwawo. Akatambasula dzanja ndinkati, "Bambo, mtanda umenewo ndi wachitatu." Iwo ankaubweza mwakachetechete, n'kusamba m'manja, kenako n'kunena kuti, "Ndamva, a nesi." Munthu amene anaphunzitsa kupulayimale zaka zoposa makumi atatu, amene kuyambira ndili kamwana ankanditchula kuti mayi wanga, anayamba kundiitana ndi dzina la ntchito, ndipo ine ndinkaganiza kuti akundilemekeza.

Shuga wawo sankatsika. Madzulo akabwera kuchokera kubawo ndinkawaimitsa pakhomo ndi mafunso a kupolisi, oti ayankhe inde kapena ayi. Mwamwa tiyi kumeneko? Akupatsani chakumwa cha m'botolo? Nthawi zonse ankati ayi. Kenako nsapato yothina inawatupitsa chala, chala n'kusanduka bala, bala n'kukana kupola. Za milungu imene tinakhala mu wodi ndi za usiku umene anatisiya ndinalemba kale m'gawo lachisanu ndi chinayi, ndipo sindingathe kuzibwereza.

Patapita mwezi, abale tinakumana kuti tigawe zovala zawo. Ine ndinatenga jekete yawo yotuwa ija, imene ankavala popita kubawo ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ndisanaipinde ndinapisa m'matumba monga timachitira tisanachape. M'thumba lam'kati ndinapezamo timajumbo ta shuga tomanga mfundo, tija amagulitsa pa kaokala kwa munthu amene sangakwanitse paketi. Tinalipo tisanu ndi tiwiri. Titatu tinali tosatsegula, koma tinayi tinali topanda kanthu, topindidwa bwinobwino monga ankapindira malisiti. Sanatitaye m'bini ya panyumba chifukwa ankadziwa kuti ndikanationa. Ndinakhala pansi pa simenti, jekete ili pamiyendo, ndipo chimene chinkandipweteka sichinali shugayo. Ndinkawaona m'maganizo Bambo anga, nkhalamba imene mudzi wonse unkaiimirira ikamadutsa, ataima pa kaokala n'kumacheuka kuti aone ngati mwana wawo sakubwera. Ndinkawaona akumasula kamfundoko ndi zala zonjenjemera zija, kenako akupinda kajumbo kopanda kanthu n'kukabisa pachifuwa. Panja azakhali ankaitana kuti ndibweretse zovala zotsala, koma ndinalephera kuyankha. Timajumbo timeneto ndili nato mpaka pano, mu envulopu imodzi ndi buku lawo la kuchipatala.

Pano ndiyankhepo mawu awiri amene ananenedwa pamaliro, poti eni ake amawerenga zimene ndimalemba. Azakhali, munati ndinawapha ndi njala achimwene anu. Sizoona, Bambo sanagonepo ndi njala m'nyumba mwanga. Inunso achimwene, munati ndikanawalondola mpaka kubawoko bwenzi ali moyo. Ndikanatero akanangopeza thumba lina. Nonse awiri munkakangana za kuchuluka kwa malamulo anga, pamene cholakwa changa chinali chakuti m'zaka ziwiri zathunthu sindinawafunsepo Bambo chimene iwowo ankafuna.

Zimenezi sindinazimvetse nthawi yomweyo. Zaka zinayi zinadutsa ndikukalipirabe odwala, mwinanso mopitirira kale.

Kenako ndinatumizidwa ku maphunziro a masiku atatu a anamwino ndi alangizi a zakudya, ndipo ndivomere kuti chinandikoka chinali alawansi. Mutu wake unali motivational interviewing, njira yolankhulira ndi munthu mwakuti zifukwa zosinthira khalidwe zituluke m'kamwa mwake iye mwini. Mphunzitsi wathu anatifotokozera kuti amene anaiyambitsa ndi William Miller, katswiri wa za maganizo wa ku America, amene anailemba koyamba mu 1983 atakambirana ndi akatswiri anzake ku Norway za mmene ankathandizira anthu ovutika ndi mowa. Pambuyo pake anakumana ku Australia ndi Stephen Rollnick, amene anakulira ku South Africa n'kumagwira ntchito mumzinda wa Cardiff ku Britain, ndipo awiriwa anatulutsa buku lawo loyamba mu 1991. Ine ndinali kumbuyo, ndikudzifunsa kuti za zidakwa za kunja zikukhudzana bwanji ndi nsima.

Tisanapite kokadya masana anatigawa awiriawiri. Aliyense anayenera kusankha chinthu chenicheni chimene wakhala akufuna kusintha koma akulephera, ndipo mnzake amukakamize kwa mphindi zitatu: amuuze chifukwa chake ayenera kusintha, ubwino wake, ndi mmene achitire. Ine ndinasankha botolo la chakumwa chotsekemera limene ndinkamwa masana aliwonse pantchito. Inde, ine yemweyo amene ndinatsekera shuga mu wadirobu. Mnzangayo atangoyamba kundilalikira, ndinadzimva ndikuti, "N'zoona, koma ndimakhala nditatopa. N'zoona, koma ndi limodzi lokha." Pofika mphindi yachitatu nkhope inali itatentha, ndinaleka kuyankha, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti botololo ndikagula tikangotuluka. Mawu amene anatsala pang'ono kutuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Ndamva." Ndinapempha kutuluka, n'kukalirira kubafa.

Chimene ndinaphunzira masiku atatuwo n'chakuti munthu amene akulephera kusintha kadyedwe nthawi zambiri sakhala mbuli, amakhala ndi mitima iwiri. Mtima wina umafuna moyo wautali, wina umafuna tiyi wotsekemera, ndipo yonse iwiri ndi yake. Wachipatala akalumphira kumbali ya mtima woyamba, wodwala amatsala ndi ntchito yoteteza wachiwiri, ndipo munthu amakhulupirira kwambiri zimene wadzimva akunena yekha kuposa zimene wauzidwa. Ife ogwira ntchito zachipatala tili ndi chibadwa chofuna kuwongola pomwepo chilichonse chokhota, ndipo njira imeneyi imatipempha kuti tichigwire dzanja chibadwa chimenecho. M'malo mwake timafunsa mafunso oti munthu afotokoze, timayamikira moona mtima chimene akuchita kale bwino, timamubwezera m'mawu athu zimene wanena kuti adzimve yekha, kenako timamangirira pamodzi zimene zakambidwa.

Woyamba amene ndinayesera naye anali mayi wina wogulitsa mandasi pamsika, amene ndinali nditamukalipirapo kangapo. Tsiku limenelo ndinatseka buku lake n'kunena kuti, "Mayi, tandiuzeni mmene tsiku lanu limayendera kuchokera pamene mwadzuka, ndi pamene chakudya chimalowerapo." Anandiyang'ana mokayika, kenako anayamba. Amadzuka tambala woyamba asanalire kuti akazinge. Amamwa tiyi wa masupuni atatu ndi mandasi amene aphwanyika m'chiwaya. Masana amamwa botolo limodzi chifukwa sangasiye beseni kuti akaphike, ndipo madzulo amafika kunyumba njala itamupweteka, n'kudya mitanda inayi. Pomaliza anati, "Nanga mandasi ophwanyikawo nditaye, a nesi? Ndi ndalama zimenezo."

Kale ndikanayankha kuti ndalama sizigula mwendo. Ndinameza mawu amenewo n'kunena kuti, "Kwa inu kutaya mandasi ndi kutaya ndalama imene mwaidzukira usiku." Anati, "Eetu." Anakhala chete pang'ono, kenako anawonjezera yekha kuti, "Komatu maso angawa ayamba kuchita chifunga. Ndalama ya pepala ndikumachita kuiyandikitsa kumaso kuti ndiione." Ndinamufunsa kuti, titati tiyeze kuchokera pa 0 mpaka pa 10, kusintha kadyedwe kuli kofunika bwanji kwa iye. Anati 6. Apa m'pamene pali luso limene linandidabwitsa kumaphunziro kuja. Ndikanafunsa chifukwa chake sanati 10, akanandiwerengera zopinga zonse. Ndinafunsa chifukwa chake wati 6 osati 2, ndipo anandiuza za mdzukulu wake wa Fomu 2, mwana wa malemu mwana wake wamkazi, amene fizi yake imachokera m'beseni lomwelo. Anati, "Ndikachita khungu ine, mwana ameneyu sukulu yathera pomwepo."

Pamenepo m'pamene ndinapempha chilolezo chomuuzako chinthu chimodzi chimene ndikudziwa. Atavomera, ndinamuuza kuti m'botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zotsekemera mumakhala shuga wokwana pafupifupi masupuni a tiyi 8, n'kumufunsa kuti akuziona bwanji zimenezo. Anagwira pakamwa. Mapulani anapanga yekha: botolo alisiya, azinyamula madzi ndi mtedza wokazinga, ndipo tiyi atsitsa kufika pa masupuni awiri. Za mandasi ndi mitanda inayi sananenepo kanthu, ndipo ine ndinaluma lilime. Patapita miyezi itatu anabwera ndi nzeru imene sindikanaiganiza: mandasi ophwanyika anayamba kulipirira mnyamata womunyamulira beseni. Shuga wake anatsika pang'onopang'ono, pa Khirisimasi anakweranso, ndipo mu Januwale anadzandiuza yekha zimene anadya ndisanamufunse.

Achimwene amene munalemba kuti kumeneku ndi kunyengerera akuluakulu ngati ana, ndakumvani, ndipo pena muli ndi mfundo. Munthu akabwera shuga atakwera koopsa, kapena ali ndi bala lonunkha paphazi, sindimufunsa za 0 mpaka 10, ndimamuuza mosapita m'mbali kuti agonekedwe lero lomwe. Njira imeneyi sigulanso ndiwo. Pali agogo amene m'nyumba mwawo muli ufa ndi mchere basi, ndipo kuwafunsa mwaluso za zipatso sikudzaza dengu. Ndi oterowo timakambirana za nkhwani, bonongwe ndi chisoso zimene angathyole kudimba, ndiponso za kuchepetsa shuga wa mu phala. Komanso pa tsiku la kiliniki mzere umafika panja, moti ena ndimangokwanitsa kuwafunsa funso limodzi labwino. Koma mawu oti kunyengerera ndikuwakana. Amene ndinkawayesa mwana anali Bambo anga, pamene ndinkawawerengera mitanda.

Chaka chathachi ndinapita kukaona mnzawo wa Bambo wa kubawo, amene tsopano sayenda. Sindinawafunse ngati Bambo ankamwa tiyi wa shuga, poti yankho ndinali nalo mu envulopu. Ndinati, "Agogo, tandiuzeni za tiyi wa Bambo." Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana pansi. Anati Bambo ankaitanitsa tiyi wopanda shuga kutiyirumu, n'kuthiramo okha wa m'thumba, n'kutakasa nthawi yaitali asanamwe. Tsiku lina iwo anawadzudzula kuti mwana wanu ndi namwino, bwanji simukumumvera. Bambo anayankha kuti kwa zaka zonse za ukwati wawo Mayi ndiwo ankawathirira shuga m'kapu m'mawa uliwonse, masupuni atatu, ndipo tiyi wopanda shuga ankawakumbutsa kuti mnzawo anapitadi. Anawonjezera kuti ayamba kuthira theka la kajumbo m'malo mwa konse, koma sakufuna kundiuza, poti ndikanafunsa kumene akutenga theka limenelo.

Nditafika kunyumba usiku umenewo ndinatsegula envulopu ija n'kuyang'anitsitsa timajumbo titatu timene ndinkati n'tosatsegula. Kamodzi kanali ndi shuga wofika pakati, ndipo mfundo yake inali yomangidwa kachiwiri.