Tidakaona momwe California amawerengera msonkho wa njanji ndi magetsi

Gulu lathu la owerengera mitengo ya malo ndi nyumba m'makhonsolo lidakacheza ku Sacramento, likulu la California m'dziko la America, ku ofesi ya State Board of Equalization. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1879. Pano ndinene zomwe zidatitengera kumeneko.

California ili ndi maboma 58, ndipo boma lililonse limawerengera lokha nyumba ndi masitolo a m'dera lake. Koma katundu wogwirira ntchito wa makampani a njanji, magetsi, gasi ndi matelefoni, monga Union Pacific ndi Pacific Gas and Electric, saperekedwa m'manja mwa mabomawa. Amawerengeredwa ku likulu ndi bungwe lija.

Mkulu yemwe adatilandira adatiimika pa mapu a pakhoma, n'kuyendetsa chala pa mzere wa njanji kuchoka ku Oakland mpaka kumapiri a Sierra Nevada. Adatifunsa mtengo wa kilomita imodzi ya njanjiyo itadulidwa payokha. Tidangoyang'anizana. Payokha n'zitsulo chabe, mtengo wake umabwera chifukwa yalumikizana ndi inzake. N'chifukwa chake iwo sawerenga polo ndi polo kapena thiransifoma imodziimodzi. Amatenga katundu yense ngati chinthu chimodzi, n'kuona ndalama zomwe adagulira kuchotserapo kutha kwake, komanso phindu lomwe amabweretsa. Akatero amapatula gawo la California, poti njanji imapitirira kumadera ena, kenako n'kugawira maboma. Otolera msonkhowo ndi mabomawo.

Mtengo amautenga monga udalili pa 1 Januwale, chaka ndi chaka. Apa mpomwe makampani amang'ung'udza. Lamulo la Proposition 13 la mu 1978 lidati mtengo wowerengerapo msonkho wa nyumba usakwere kuposa 2 peresenti pachaka mpaka itagulitsidwa, koma chitetezo chimenechi sichifika pa katundu wowerengeredwa ku likulu. Makampani a njanji okha ali ndi pothawira: lamulo la dziko lonse la mu 1976 limaletsa kuwalipiritsa mokondera poyerekeza ndi mabizinesi ena.

M'basi pobwerera kogona mkangano udabuka. Ena ankati njirayi ingatithandize kwathu, komwe mawaya a magetsi ndi njanji ya ku Nacala zimadutsa makhonsolo ambirimbiri. Ine ndidakayika. Njira yonseyi yatsamira pa mabuku a ndalama omwe kampani imatumiza yokha chaka chilichonse, ndiye pamafunika akatswiri odziwa kuwafukula bwinobwino. Tidagwirizana zopempha mabwana athu kuti ayambe atitumiza ku maphunziro a kawerengedwe ka mabuku otere.